Aguarani ndi Dziko Lotopa

Mawu oti chinanazi tidawazolowera kwambiri moti ndi ochepa amene amaganiza kuti ndi obwera. Komatu mawuwa adachita kuoloka nyanja. Apwitikizi chipatsochi amachitcha ananás, ndipo iwonso dzinali adalitola ku South America kwa anthu oyankhula ziyankhulo za banja la Tupi-Guarani omwe ankachitcha naná. Dzina la jakaranda, mtengo uja umakongoletsa misewu ya Blantyre ndi Zomba dzuwa likayamba kuswa mtengo, lidachokeranso komweko. Chinangwa nacho anthuwa adali akulima kale zaka mazanamazana chisadafike kuno kwathu. Choncho Aguarani, ngakhale ali kutali, si alendo enieni m'mbale zathu, ndipo n'koyenera kuti timve zomwe zikuwachitikira.

Aguarani amapezeka m'maiko anayi: Brazil, Paraguay, Argentina ndi Bolivia. Mapu a midzi yawo amene adatuluka m'chaka cha 2016 adasonyeza kuti alipo oposa 280,000, ndipo ali m'magulu angapo monga Kaiowá, Mbya ndi Ñandeva amene amatchedwanso Avá-Guarani. Ku Paraguay chiyankhulo chawo chimayankhulidwa ndi anthu mamiliyoni angapo, malamulo oyendetsera dziko a 1992 adachivomereza kukhala chiyankhulo cha boma pamodzi ndi Chisipanishi, ndipo ngakhale ndalama ya dzikolo imatchedwa guaraní. Dzina lokha ndiye likulemekezedwa, koma eni dzinalo ambiri akugona m'zisakasa za mapulasitiki akuda m'mbali mwa misewu. M'chimangirizo chino ndikufuna kulondola mbiri yawo kuti tione chifukwa chimene kusintha kwa nyengo kukuwapweteka kuposa anansi awo, komanso m'mene iwo eni akukumvera. Mfundo yanga ndi imodzi. Chilala ndi madzi osefukira adazidziwa kalekale ndipo adali ndi njira zopulumukira, koma lero mavutowa akuwapeza atalandidwa kale kothawira.

Kuti nkhaniyi imveke bwino tiyambe ndi mawu awiri a Chiguarani. Oyamba ndi teko, kutanthauza makhalidwe ndi miyambo yonse imene imamupanga munthu kukhala Mguarani. Achiwiri ndi tekoha, kutanthauza malo amene makhalidwewo angathe kuchitikirapo. Tekoha imaposa mudzi wa nyumba zokha. Payenera kukhala nkhalango yosakamo nyama, yofulamo uchi ndi yokumbamo mankhwala. Payenera kukhala kasupe kapena mtsinje, minda, bwalo, komanso nyumba yopemphereramo imene Ambya amaitcha opy. Bambo Bartomeu Melià, wansembe wa chipani cha Ajezuiti amene adakhala ndi anthuwa zaka zambiri mpaka pamene adamwalira mu 2019, ankaphunzitsa kuti makhalidwe a Aguarani sangakhalepo popanda malo otere. Nkhalango imene idalera ambiri a iwo ndi ya Atlantic, yomwe idayala kuchokera m'mphepete mwa nyanja ku Brazil mpaka kum'mawa kwa Paraguay ndi chigawo cha Misiones ku Argentina. M'nkhalangomo ankatema kamunda, n'kutentha, n'kubzalamo chimanga, chinangwa, mbatata, nyemba, mtedza ndi maungu kwa zaka zingapo, kenaka n'kukasiya kuti kagonere mpaka mitengo iphukenso.

Popeza ali kum'mwera kwa dziko lapansi monga ife, nyengo zawo zimayendera limodzi ndi zathu. Ambya amagawa chaka pawiri. Pali ara yma, nthawi yakale, yomwe ndi miyezi yachisanu pamene zamoyo zimafooka. Ndiye pali ara pyau, nthawi yatsopano, imene imayamba chisanu chikamatha cha m'ma Ogasiti ndi Sepitembala. Mtengo wa tajy ukachita maluwa ankadziwa kuti chisanu chowaula mbewu chapita ndipo nthawi yobzala yakwana. Mbewu yolemekezeka koposa ndi chimanga cha makolo. Ambya amachitcha avaxi ete'i, chimanga chenicheni, pomwe Akaiowá amaika patsogolo chimanga choyera chotchedwa avati morotĩ. Chimangachi chikacha m'miyezi yoyambirira ya chaka sachidya mwachisawawa. Akaiowá amachezera usiku wonse kuimba nyimbo yaitali ya jerosy puku pochidalitsa, uku akumwa chakumwa chonga thobwa. Ambya amachita mwambo wa nhemongarai, ndipo pamwambo womwewo m'pamene mtsogoleri wa mapemphero amaulula maina a ana. Kwa iwo dzina ndiwo mzimu wa munthu wotumidwa kuchokera kwa milungu, kotero mwana wopanda dzina amamuona ngati sadakhazikike bwino pansi pano. Taonani m'mene mvula, chimanga ndi moyo wa mwana zidamangidwira m'mtolo umodzi.

Nanga nthaka ikaguga, mvula ikakana, kapena matenda akalowa m'mudzi ankatani? Ankayenda. Banja lonse linkanyamula mbewu zake n'kukamanga kwa abale kutsidya la mtsinje, pakuti nkhalango idali yotakata ndiponso idalibe mpanda. Kuyendaku kudalinso ndi tsinde lake m'chipembedzo. M'chaka cha 1912 katswiri wobadwira ku Germany, Curt Nimuendajú, adakumana ndi kagulu ka Aguarani pafupi ndi São Paulo kali paulendo wolunjika kunyanja, kufunafuna yvy marãe'ỹ, dziko lopanda zoipa. M'zolemba zake za 1914 adafotokoza zimene gulu la Apapocúva lidamuuza: kuti dziko lidawonongekapo kale ndi moto komanso chigumula, kuti lidatsamira pa mchirikizo umene Mlengi angathe kuuchotsa, ndiponso kuti atsogoleri awo ankamva m'maloto dziko likudandaula kuti lakalamba, latopa, likufuna kupuma. Chikhulupiriro chotere chikadalipo. Akaiowá amati mapemphero a atsogoleri awo, amene amawatcha ñanderu ndi ñandesy, ndiwo amachirikiza dziko kuti lisagwe. Abambo amagwedeza mbaraka, chikho cha njere cholira ngati maseche, amayi akusinja pansi ndi nsungwi zotchedwa takuapu. Kwa Mguarani nyengo imayenda bwino kapena kusokonekera molingana ndi m'mene anthu akukhalira ndi dziko.

Kupanikizika kudayamba pamene atsamunda a ku Spain adamanga Asunción mu 1537. Kuyambira 1609 Ajezuiti adasonkhanitsa Aguarani m'midzi ikuluikulu ya mishoni yomwe idadzafika 30, ndipo mu 1732 mudali anthu oposa 140,000. Osaka akapolo ochokera ku São Paulo ankaithira nkhondo midziyi, moti mu 1631 Bambo Antonio Ruiz de Montoya adatsogolera anthu pafupifupi 12,000 kuthawa m'chigawo cha Guairá, kutsika ndi mtsinje wa Paraná. Atafika pa mathithi aakulu a Guairá adasiya mabwato n'kuyenda pansi, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu 1750 mafumu a Spain ndi Portugal adagwirizana ku Madrid zosinthana malo, n'kulamula anthu a m'midzi 7 ya kum'mawa kwa mtsinje wa Uruguay kuti asamuke. Aguarani adakana. Mtsogoleri wawo Sepé Tiaraju adaphedwa mu Febuluwale 1756, ndipo patangopita masiku atatu anthu ake pafupifupi 1,500 adathera pankhondo ya ku Caiboaté. Ngakhale zidali choncho, nkhalango idali ikadalipo. Amene sadafune za mishoni kapena ukapolo ankalowa m'katikati mwake, ndipo dzina loti Kaiowá limatanthauza anthu a m'nkhalango. Kwa zaka zoposa 300 nkhalango idali linga lawo.

Lingalo lidayamba kugumuka itatha nkhondo yaikulu ya 1864 mpaka 1870, imene Paraguay idagonja kwa Brazil, Argentina ndi Uruguay. Malire adasuntha, ndipo mu 1882 boma la Brazil lidapatsa Thomaz Larangeira chilolezo chothyola masamba a ka'a m'dera la Akaiowá. Masambawa amamwedwa ngati tiyi ndipo amadziwika ndi dzina loti yerba mate. Kampani ya Matte Larangeira idadzalamulira mahekitala mamiliyoni angapo, Aguarani n'kusanduka aganyu omangidwa ndi ngongole m'nkhalango yawo yomwe. Pakati pa 1915 ndi 1928 nthambi ya boma ya SPI, imene ntchito yake idali kuteteza eni nthaka, idadula malo 8 ang'onoang'ono okwana mahekitala pafupifupi 18,000 onse pamodzi, n'kunena kuti Akaiowá ndi Añandeva azikhala m'menemo. Malo ena onse adatengedwa ngati opanda mwini. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndi mafayilo ndaona mphamvu ya pepala lodindidwa. Likalembedwa kamodzi limakhala ndi moyo wautali kuposa amene adalilemba. Mzere umene udajambulidwa mu 1917 podula malo a Dourados, a mahekitala pafupifupi 3,500, ndi womwewo umene kalembera wa 2022 adapeza utatsekera anthu oposa 13,000.

Mu 1943 boma la Getúlio Vargas lidatsegula dera la Dourados kuti alimi ochokera m'zigawo zina adzagawane. Adabwera a ng'ombe, m'zaka za m'ma 1970 kudabwera soya ndi mathirakitala, pambuyo pake nzimbe. Poyamba eni mafamu ankalola mabanja a Aguarani kukhala m'zidutswa za nkhalango kumapeto kwa famu popeza ankawafuna pa ntchito yogwetsa mitengo. Mitengo itatha, ambiri adakwezedwa m'malole n'kukatulidwa m'malo 8 aja. Ku Paraguay zidayenda chimodzimodzi, moti pamene lamulo loletsa kugwetsa nkhalango kum'mawa kwa dzikolo linkakhazikitsidwa mu 2004, gawo lalikulu lidali litapita kale. Ku Brazil bungwe la SOS Mata Atlântica limawerengera kuti nkhalango yokhwima yotsala ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 alionse. Pamwamba pa izi, mu Okutobala 1982 damu la magetsi la Itaipu lidatsekedwa, ndipo m'masabata awiri okha madzi adadzaza nyanja ya masikweya kilomita 1,350. Midzi ndi manda a Avá-Guarani zidamira, pamodzi ndi mathithi a Guairá aja pamene othawa ukapolo adadutsa. Dzina la damulo n'la Chiguarani ndipo limatanthauza mwala woimba.

Umu ndi m'mene kusintha kwa nyengo kwawapezera, ndipo akuluakulu sadaname poti mvula ikakuona litsiro sikata. Kuyambira 2019 dera lonse la mitsinje ya Paraná ndi Paraguay lidalowa m'chilala chimene chidatenga zaka zoposa zitatu. Mu 2021 mtsinje wa Paraná udaphwa kufika pamene sudafikepo chiyambire 1944, ndipo mu Sepitembala 2024 mtsinje wa Paraguay pa Asunción udatsika kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire kuuyeza. Asayansi a gulu la World Weather Attribution adapeza kuti kuchepa kwa mvula kumapeto kwa 2022 kudadza makamaka ndi kuzizira kwa madzi a nyanja ya Pacific kotchedwa La Niña, koma kutentha kowonjezereka kudakulitsa ululu wa chilalacho. Adapezanso kuti mpata woti kugwe kutentha koopsa konga kwa Disembala 2022 kumpoto kwa Argentina ndi ku Paraguay udakula pafupifupi ka 60 chifukwa cha mpweya woipa umene anthu akhala akutulutsa. Dzuwa limawomba onse, koma mlimi wamkulu wa soya ali ndi inshuwalansi, chitsime chakuya ndi ngongole ya kubanki. Wa ku Dourados alibe nkhalango yosunga akasupe, alibe kosamukira, ndipo mipope yake imatha masiku osadontha. Mu Novembala 2024 anthu a m'midzi ya Jaguapiru ndi Bororó adatseka msewu pofuna madzi akumwa, ndipo apolisi adawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi komanso zipolopolo za labala.

Kum'mwera nako madzi adachita kunyanya. Kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi 2024 chimvula chidagwa m'chigawo cha Rio Grande do Sul, kumene Sepé Tiaraju adafera. Anthu oposa 180 adamwalira, oposa 2 miliyoni adakhudzidwa, ndipo mbali yaikulu ya mzinda wa Porto Alegre idamira. Asayansi omwe aja adapeza kuti kutentha kwa dziko kudachulukitsa kawiri mpata wa mvula yotere. Bungwe la Akatolika la CIMI lidawerenga midzi ya eni nthaka pafupifupi 80 imene idakhudzidwa, ndipo mwa iyo mudali ya Ambya yambiri. Izi sizidachitike mwangozi. Midzi yambiri ya Ambya m'chigawochi ili m'mbali mwa misewu ndi m'zigwa, malo amene ena onse adawakana. Anthu a m'mudzi wa Pekuruty, m'mbali mwa msewu wa BR-290 ku Eldorado do Sul, atathawa madzi, okonza msewu adagwetsa nyumba zawo eni ake kulibe.

Kodi eni ake zimenezi amazimva bwanji? Akamadandaula sayamba ndi madigiri a kutentha. Amayamba ndi chimanga. Akuluakulu awo amati zizindikiro zakale sizikugwirizananso ndi mvula, moti wobzala pa nthawi imene makolo adamuphunzitsa angathe kuona dzuwa likuwaula chimanga chitangomasula. Mbewu ya makolo sigulidwa m'sitolo. Banja likakanika kukolola zaka ziwiri zotsatizana mtundu wa chimangacho ungathe kutha m'mudzimo, ndipo abale amene kale ankakapemphako mbewu lero ali kutsidya la malire a dziko kapena kuseri kwa minda ya soya. Chimanga chenicheni chikasowa, mwambo wodalitsa mbewu ndi woulula maina umalumala. Apa chilala chimafika pa mwana, osati m'mimba mokha.

M'chikhulupiriro chawo chinthu chilichonse chili ndi mwini wake wosaoneka, jára, kaya ndi mtsinje, phiri, nyama kapena mtengo, ndipo munthu sadula kapena kupha asadapemphe. Tupã ndiye mwini mabingu ndi mvula. Jakaira kwa Ambya ndiye mwini nkhungu yopatsa moyo imene imadza ndi nthawi yatsopano, pomwe kwa Akaiowá ndiye mwini chimanga. Nkhalango ikagwetsedwa eni ake osaonekawo amachoka, ndipo malowo amatsala opanda mlonda. Mwa Akaiowá kuzizira ndi chizindikiro cha mtendere ndi thanzi, kutentha n'kwa mkwiyo, matenda ndi chipwirikiti, kotero mapemphero awo ambiri ndi oziziritsa. Asayansi akamanena kuti dziko likutentha, Mkaiowá samva nkhani yachilendo. Amamva zomwe agogo ake ankachenjeza, ndipo amadziwa kumene chala chiyenera kuloza: kwa obwera, amene Ambya amawatcha jurua, omwe adagwetsa mitengo osapempha kwa wina aliyense.

Ena anganene kuti izi ndi nthano chabe. Zoona, wasayansi amakamba za mpweya wochokera ku malasha ndi mafuta otenthedwa m'maiko akutali, pomwe Mguarani amakamba za ubale umene wasweka. Komabe awiriwa amakumana pa nkhalango. N'zodziwika kuti mitengo imakoka madzi m'nthaka n'kuwatulutsa m'mlengalenga, ndipo chinyezi chochokera ku Amazon chimatengedwa ndi mphepo kutsata mapiri a Andes n'kukagwa ngati mvula ku Paraguay ndi kum'mwera kwa Brazil. N'zodziwikanso kuti mthunzi umasunga akasupe ndipo mizu imachedwetsa madzi othamanga. Gulu la MapBiomas, limene limaunika zithunzi zojambulidwa m'mlengalenga, lidapeza kuti pakati pa 1990 ndi 2020 malo a eni nthaka ku Brazil adataya gawo limodzi lokha pa 100 la zomera zachilengedwe, pomwe malo a anthu ndi makampani adataya magawo pafupifupi 20. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Aguarani sadapinde manja. Marçal de Souza adayankhula pamaso pa Papa Yohane Paulo Wachiwiri ku Manaus mu 1980 za kulandidwa kwa malo awo, ndipo adawomberedwa mu Novembala 1983. Malamulo oyendetsera dziko la Brazil a 1988 adalonjeza kudula malire a malo onse a eni nthaka m'zaka zisanu, koma ntchitoyi sidathe. Atatopa kudikira, mabanja adayamba kubwerera okha ku tekoha zakale, ndipo ambiri adafera pamenepo monga mkulu Marcos Veron amene adaphedwa ku Takuara mu Januwale 2003. Mu Sepitembala 2023 khoti lalikulu la Brazil lidakana ganizo loti eni nthaka azipatsidwa malo okhawo amene adalipo pa 5 Okutobala 1988, koma chaka chomwecho nyumba ya malamulo idaliika ganizolo m'lamulo. Zina zayenda bwino. Mu 2021 komiti yoona za ufulu wa anthu ya United Nations idagamula kuti boma la Paraguay lidalakwira mudzi wa Campo Agua'ẽ polekerera mankhwala a m'minda ya soya kuwononga madzi ndi mbewu zawo. Mu Malichi 2025 khoti lalikulu la Brazil lidavomereza mgwirizano woti Itaipu igulire Avá-Guarani mahekitala 3,000, patatha zaka zoposa 40 midzi yawo itamira.

Kumene malo abwerera, zotsatira zikuoneka. Kum'mwera kwa mzinda wa São Paulo, Ambya adalowa mu 2013 m'malo amene bulugamu adali atawaumitsa, n'kuwatcha Kalipety potengera dzina la mtengowo. Motsogozedwa ndi mayi Jera Guarani ndi anzawo, adayenda m'midzi ya abale kutolera mbewu zakale, ndipo adabwezeretsa mitundu yambiri ya mbatata ndi chimanga cha makolo. Ku Bolivia, Aguarani a ku Charagua adapeza ulamuliro wawowawo mu 2017, ndipo mu 2019 adapatula mahekitala pafupifupi 1.2 miliyoni a nkhalango ya Ñembi Guasu kuti atetezedwe. Moto udawononga gawo lina chaka chomwecho, koma malowo akadali m'manja mwawo.

Chaka cha 2024 chidali chotentha kuposa zaka zonse zimene zidayezedwapo chisadafike, ndipo palibe pemphero kapena chigamulo cha khoti chimene chingabweze msanga kutenthako. Chimene mbiri iyi ikundiphunzitsa n'chakuti kuzolowera nyengo yatsopano kumafuna malo. Munthu amene ali ndi chigwa ndi chitunda amabzala kuwiri, kwina kukapsa kwina kumapulumuka. Wokhala m'mbali mwa msewu alibe chosankha. Matumba a chakudya ndi matenti zimathandiza pa tsiku la ngozi, koma sizisunga mbewu, sizitsitsimutsa kasupe, sizimupatsa mwana dzina. Aguarani akhala akunena kwa zaka zoposa 100 kuti dziko limatopa. Chimene akupempha kwa maboma awo kuti alipumitse chili kale m'malamulo, ndipo mafayilo ake ambiri akungodikira siginecha.